PhD yolipiridwa ya masamu ndi makompyuta: ndalama zake zimachokera kuti, nanga zimafuna munthu wotani?

Chaka chilichonse, kuyambira cha mu Sepitembala mpaka Januwale, mafoni a anthu amene anaphunzira masamu kapena makompyuta ku Poly, ku Chanco ndi ku MUST amadzaza ndi zidziwitso za malo a PhD. Uyu watumiza za ku Germany, uyo za ku Kigali, winanso za ku Abu Dhabi, ndipo malonjezo ake ndi amodzimodzi: fizi yonse ilipiridwa, alawansi ya mwezi ndi mwezi ilipo, mwinanso ndi tikiti ya ndege yomwe. Ambiri amangowerenga n'kupatsira anzawo, nkhani n'kuthera pomwepo. Owerengeka amalembera ndithu, koma amatumiza kalata imodzi yomweyo kumalo onse, kalata yodandaula za umphawi wa kumudzi ndi yolonjeza kudzatukula dziko. Akakanidwa, kapena akapanda kuyankhidwa n'komwe, amati malo amenewa ndi a anthu odziwana.

Kudziwana kulipo, palibe angatsutse. Koma chogwetsa ambiri si chimenecho. Ndalama zambiri za PhD m'maphunziro awiriwa sizinaikidwe kuti zithandize ovutika. Ndi malipiro a ntchito imene munthu wina analonjeza kale kuti igwiridwa, ndipo tsopano akusaka woigwira. Mukadziwa kumene ndalamayo yachokera, mudziwa kalembedwe koyenera, mudziwanso zimene idzakufunseni mukailandira.

Ndalama zimene zili m'manja mwa pulofesa

Njira imene imatenga anthu ambiri ku Ulaya ndi imene kuno timaidziwa pang'ono. Pulofesa amalemba pempho la ndalama za kafukufuku ku bungwe ngati European Research Council, DFG ya ku Germany kapena NWO ya ku Netherlands. M'pemphomo amalonjeza kuyankha funso linalake m'zaka zingapo, ndipo mu bajeti amaikamo malipiro a ophunzira PhD awiri kapena atatu. Akapambana, ndalama zimabwera koma anthu palibe. Ndiye amalengeza malowo monga momwe kampani imalengezera ntchito, ndipo ndi ntchitodi. Ku Netherlands wophunzira PhD wotere amasaina kontirakiti ya zaka zinayi, amalandira salale, amadulidwa msonkho, ali ndi tchuthi ndi penshoni. Ku Sweden, Norway ndi Denmark n'chimodzimodzi, kungosiyana kutalika kwa zaka. Ku Germany madipatimenti ambiri a makompyuta amalipira salale yathunthu pa gulu la malipiro lotchedwa E13, pamene ku masamu kawirikawiri amapereka gawo chabe la salale imeneyo. Ku France kontirakiti yake ndi ya zaka zitatu, ndipo bungwe la boma la Inria, lomwe ntchito yake yonse ndi sayansi ya makompyuta ndi masamu, limalemba ophunzira otere chaka ndi chaka.

Pali pulogalamu ina ya European Union yotchedwa Marie Skłodowska-Curie Doctoral Networks imene lamulo lake limakomera munthu wa ku Chilomoni kuposa wa ku Berlin amene akufuna kukhalabe kwawo. Lamulolo limati wolembera asakhale atakhala m'dziko limene akupitalo kwa miyezi yoposa 12 mwa miyezi 36 yapitayi. Mtundu wa pasipoti sauyang'ana. Malo ambiri otere amalengezedwa pa webusaiti ya EURAXESS, ndipo kulembera n'kwaulere.

Zimenezi zikutanthauza zinthu zingapo kwa wolembera. Mutu wa kafukufuku unasankhidwa kale, ndiye kufika ndi maloto anu a zina n'kungotaya nthawi ya wowerengayo. Malo otere alibe nyengo imodzi, amatuluka mwezi uliwonse. Ndipo pulofesayo ali ndi mantha akeake: akalemba munthu wolakwika, zaka zinayi za ndalama zapita, ndipo amene anamupatsa ndalamazo adzamufunsa. Akamawerenga kalata yanu sakufuna kumva chisoni. Akufuna umboni wakuti mungathe kutsimikizira mfundo ya masamu popanda wokugwirani dzanja, kapena kuti munalembapo pulogalamu ya kompyuta yovuta ndithu n'kuimaliza. Pafupifupi malo onsewa amafunanso kuti mukhale ndi masitazi.

Ku America zinthu zimayenda mosiyana. Kumeneko amakulandirani ndi dipatimenti, osati pulofesa mmodzi, ndipo mutha kulowa ndi digiri yoyamba yokha. Zaka ziwiri zoyamba zimakhala za makalasi ndi mayeso okhwima, kenako kafukufuku, zonse pamodzi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Fizi amakuchotserani, ndipo mumalandira ndalama chifukwa chothandiza kuphunzitsa kapena kugwira ntchito mu labu. M'madipatimenti abwino a masamu ndi makompyuta, kulandiridwa popanda ndalama zimenezi kuli ngati kukanidwa mwaulemu. Mafomu ambiri amatseka mu Disembala, ndipo mayunivesite ambiri amafuna ndalama yolembera m'madola. Koma kwa Amalawi khomo ili lachepa. Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna chikole chofika mpaka madola 15,000 kwa Amalawi opempha viza ya alendo ndi amalonda, ndipo mu Disembala chaka chomwecho linaika Malawi pa mndandanda wa maiko oletsedwa maviza ena, kuphatikizapo a ophunzira. Musanalipire dola imodzi ku yunivesite ya kumeneko, fufuzani kaye momwe lamulo la viza lilili pa nthawiyo.

Ku Britain ndalama zambiri za PhD zimadutsira ku UKRI, bungwe la boma lopereka ndalama za kafukufuku. Kuyambira 2021 anthu akunja analoledwa kupikisana nawo, koma asapyole 30 pa malo 100 alionse, ndiye dziko lonse lapansi limalimbirana kagawo kameneko. M'chaka cha maphunziro cha 2025/26 alawansi yochepetsetsa inali mapaundi 20,780 pa chaka. Msampha uli pa fizi: thumbalo limalipira fizi ya nzika, pamene ya mlendo ndi yokwera kwambiri. Mayunivesite ena amakhululuka kusiyanako, ena ayi. Chidziwitso chikapanda kunena, funsani, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Tisaiwale za ku Arabiya. Yunivesite ya KAUST ya ku Saudi Arabia ndi ya MBZUAI ya ku Abu Dhabi, yomwe inakhazikitsidwa mu 2019 kuti iziphunzitsa za AI (luso lopangitsa makompyuta kuchita zinthu zofuna nzeru) zokhazokha, zimalipirira okha ophunzira awo a PhD, ndipo makompyuta awo ndi amphamvu zedi.

Ndalama zotsata munthu

Gulu lachiwiri ndi limene timalidziwa bwino: sikolashipu za maboma ndi mabungwe. Apa ndalama imapatsidwa kwa inu, ndipo mumapita nayo kwa supavaiza (mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanu) amene wavomera kukulandirani. Commonwealth imalipirira PhD ya zaka zitatu ku Britain, ndalama zake zimachokera ku unduna wa zakunja ndi chitukuko wa dzikolo, ndipo chifukwa cha chimenechi amafunsa mwatchutchutchu kuti kafukufuku wanu adzathandiza bwanji kwanu. Amafunanso kuti mudutsire ku bungwe lokusankhani kuno kwathu, ndi kuti mulonjeze kubwerera. DAAD ya ku Germany ili ndi sikolashipu zopita ku Germany komanso zophunzirira m'maiko a mu Africa momwe muno. Rhodes ya ku Oxford imalandira Amalawi m'gulu limodzi ndi Botswana, Lesotho, Namibia ndi Eswatini, koma ili ndi malire a zaka zakubadwa. Gates Cambridge, MEXT ya ku Japan ndi sikolashipu za boma la China ziliponso. Chevening ndi ya masitazi ya chaka chimodzi basi, ndipo Beit Trust nayo kwenikweni ndi ya masitazi. Ndi makwerero abwino, koma si PhD. Kwa amayi kuli OWSD, yomwe likulu lake lili ku Trieste ku Italy, ndi Faculty for the Future ya Schlumberger Foundation. Poona kuchepa kwa amayi m'madipatimenti a masamu kuno, n'zomvetsa chisoni kuti ziwirizi sizitchulidwatchulidwa.

M'gulu ili ndi momwe nkhani ya kwanu imagwira ntchito. Koma ngakhale muno, "ndikufuna kutukula dziko langa" ndi mawu amene wolembera aliyense wochokera ku Nepal mpaka ku Sierra Leone walembanso. Chimene chimamveka ndi vuto lodziwika dzina, malo ake ndi njira yolifufuzira.

Gulu lachitatu ndi la mu Africa. Thumba la RSIF, loyendetsedwa ndi bungwe la icipe ku Nairobi ndi ndalama za maboma a mu Africa, World Bank ndi dziko la Korea, lili ndi gawo la makompyuta, deta ndi AI. Wophunzira amalembetsa pa yunivesite ya mu Africa, monga University of Rwanda, n'kupita kwa miyezi ingapo ku labu ya kunja, kenako n'kubwerera kudzamaliza. PAUSTI, nthambi ya Pan African University imene ili pa yunivesite ya JKUAT ku Kenya, imaphunzitsa PhD ya masamu ndi sikolashipu za African Union. Ku South Africa kuli madipatimenti olimba ku Wits, Cape Town, Pretoria ndi Stellenbosch, komwe kuli SACEMA, gulu lodziwika pogwiritsa ntchito masamu kufufuza kafalidwe ka matenda. Pangano la SADC la maphunziro, limene linasainidwa konkuno ku Blantyre mu 1997, linati ophunzira a m'chigawochi azilipira fizi ngati eni dziko, ndipo ichi chimapeputsa mtolo. Koma sikolashipu za boma la South Africa kudzera ku bungwe lake la kafukufuku la NRF zimasiyira alendo kagawo kochepa kwambiri, ndiye kumeneko njira yodalirika ndi kupeza supavaiza amene ali ndi ndalama zake za pulojekiti.

Ndipo mumzinda wa Blantyre muno momwe muli ndalama za PhD. Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, imene ili pa Gulupu kuyambira 1995, ndi KUHeS zimaphunzitsa ofufuza, ndipo kafukufuku wa zaumoyo masiku ano sayenda popanda odziwa masamu ndi deta. Anthu a masamu ambiri amadutsa pa geti ya chipatalacho tsiku lililonse poganiza kuti m'katimo muli za madokotala okha.

Kodi PhD yotere imafufuza chiyani kwenikweni?

Apa ndi pamene mapulopozo ambiri ochokera kuno amagwera. Wina amalemba kuti akufuna kupanga sisitimu yosungira mafayilo a odwala, wina apu ya alimi, wina webusaiti yolipirira madzi. Zonsezi n'zofunika, koma ndi ntchito ya kampani ya mapulogalamu, osati PhD. PhD imafuna chidziwitso chatsopano: njira yowerengera imene inalibe, umboni wakuti njira ina imagwira ntchito kapena imalephera pati, kapena kumvetsa chinthu chimene akatswiri anali asanachimvetse. Funso limene woyesa adzafunse pamapeto ndi lakuti, kodi dziko likudziwa chiyani lero chimene silinkadziwa musanayambe?

Chosangalatsa n'chakuti Blantyre ali ndi mafunso otere ochuluka. Taonani za madzi. Blantyre Water Board imatunga madzi ambiri mu Shire pa Walker's Ferry n'kuwakankha ndi mapampu kukwera mtunda wautali mpaka mumzinda, ndipo magetsi a ntchito imeneyi amadya ndalama zambiri. Kupeza nthawi yoyenera kuyatsa pampu iliyonse, matanki asaume, magetsi ali ozimazima, mapaipi ena akudontha mosadziwika malo, ndi vuto la masamu ndithu, la m'nthambi yofufuza njira yabwino koposa pakati pa zopinga zambiri. Njira zimene zinapangidwira mizinda ya magetsi osazima sizingangotengedwa momwe zilili, ndipo kafukufuku amayambira pamenepo.

Taonani za TB. Ku chipatala cha ku Bangwe kunachitika kafukufuku woyesa pulogalamu ya kompyuta yowerenga zithunzi za X-ray za pachifuwa mwa anthu otsokomola, ndipo mu 2021 bungwe la WHO linavomereza mapulogalamu otere pofufuza TB mwa akuluakulu. Koma mafunso sanathe. Pulogalamu imene inaphunzitsidwa ndi zithunzi za anthu a kwina imachita bwanji pa munthu amene ali ndi HIV, kapena amene anadwalapo kale TB ndipo mapapo ake ali ndi zipsera? Malire oti "uyu akayezedwe makhololo" aikidwe pati kuti labu isadzaze koma odwala asaphonyedwe? Katemera wa taifodi anayesedwa pa ana a ku Ndirande ndi Zingwangwa, ndipo kudziwa kuti chitetezo chake chidzakhala zaka zingati ndi kuti kupereka kachiwiri kuchitike liti kumadalira masamu a kafalidwe ka matenda. Kolera ya 2022 mpaka 2023, yoopsa kuposa ina iliyonse m'mbiri ya dziko lino, inasiyanso mafunso ngati omwewa.

Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi Manja. Kulosera kuti dothi la paphiri ligumuka mvula ikafika pati, m'dera limene zida zoyezera mvula n'zochepa ndipo zambiri tiyenera kudalira zithunzi za setilaiti, ndi kafukufuku wa masamu ndi makompyuta pamodzi. Palinso chilankhulo chathuchi: mapulogalamu omasulira ndi omva mawu amapunthwa pa Chichewa chifukwa zolembedwa n'zochepa komanso chifukwa mneni mmodzi amanyamula zimene zilankhulo zina zimanena ndi mawu asanu. Gulu la Masakhane lasonkhanitsa ofufuza a mu Africa pa nkhani imeneyi.

Uwu ndiwo mwayi umene wolembera wa kuno ali nawo pa mnzake wa ku Munich: amadziwa mmene deta yathu imasonkhanitsidwira, kuti rejisita ya pachipatala imadumpha masiku nesi akachepa, kuti nyumba zambiri ku Mbayani zilibe nambala. Koma mwayiwu umagwira ntchito pokhapo pamene masamu ake ali olimba. Supavaiza sangakutengeni chifukwa chakuti mumadziwa Ndirande basi. Ndipo pa nkhani ya deta, samalani polonjeza. Deta ya odwala situluka m'dziko mwachisawawa; imafuna chilolezo cha makomiti owunika kafukufuku ngati COMREC kapena NHSRC, ndipo kuyambira 2024 tili ndi lamulo loteteza deta ya anthu. Pulofesa wakunja amene chidwi chake chonse chili pa deta imene mungamubweretsere, osafunsako za luso lanu, ndi wofunika kumukayikira. Mutha kupezeka mwakhala wotolera manambala, nzeru zonse zikuchitidwa ndi ena.

Mlatho wa pakati

Ambiri amene ali ndi digiri yoyamba yabwino sali okonzeka kulowa PhD mwachindunji, ndipo si manyazi. Zimene ma labu amayembekezera ndi nthambi za masamu monga linear algebra, probability, analysis ndi optimisation zozama, kuphatikiza kulemba pulogalamu m'zilankhulo za kompyuta monga Python, C++ kapena Julia mosavutika. Amene anaphunzira zamakompyuta zotsamira ku bizinesi amapeza kuti masamu akuperewera. Amene anaphunzira masamu a uphunzitsi amapeza kuti kompyuta ndiyo ikuwavuta.

Mlatho wodziwika kwambiri ndi AIMS, sukulu ya masamu ya ophunzira a mu Africa. Anaiyambitsa Neil Turok mu 2003 ku Muizenberg, Cape Town, ndipo pambuyo pake inafalikira ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Masitazi yake ndi ya miyezi pafupifupi khumi, zonse zolipiridwa, ophunzira akugona ndi kudya pamalo amodzi, maphunziro akubwera m'zigawo za masabata atatu ndi aphunzitsi ochokera m'mayunivesite osiyanasiyana a dziko lapansi. Mu 2018 anayambitsanso AMMI ku Kigali, masitazi ya AI, mothandizidwa ndi Google ndi Facebook. ICTP, sukulu ya kafukufuku wa sayansi ya ku Trieste, ili ndi dipuloma ya chaka chimodzi ya masamu yokonzekeretsa ophunzira a maiko osauka kulowa PhD. Phindu lalikulu la malo amenewa, m'kuona kwanga, si satifiketi. Ndi lakuti pulofesa wodziwika amakuonani mukulimbana ndi funso pa bolodi kwa masabata atatu, ndipo pambuyo pake angathe kukulemberani kalata imene mnzake wa ku Delft kapena Toronto adzaikhulupirira.

Kalata zimenezi n'zolemera kuposa momwe timaganizira. Mwambo wathu ndi kulemba kuti mnyamatayu ndi waulemu, womvera, sajomba. Wowerenga kunja amaona kalata yotere ngati yopanda kanthu, mwinanso ngati njira yobisa kuti palibe chabwino chonena. Kalata yothandiza imanena kuti wophunzirayu anachita pulojekiti yakutiyakuti, anakumana ndi vuto lakuti, analithetsa motere, ndipo pa ophunzira amene ndawaphunzitsa ali pamwamba chotere. Aphunzitsi athu ali ndi makalasi aakulu ndi mapepala osatha ochonga, ndiye kuwapempha kutatsala masiku awiri n'kudzipha nokha. Apatseni mwezi, CV, chidziwitso cha malowo ndi chikumbutso cha zimene munachita nawo.

Imelo yopita kwa amene mukufuna akhale supavaiza ikhale yaifupi. Werengani pepala lake limodzi laposachedwa, ambiri ali aulere pa webusaiti ya arXiv, ndipo munene chinthu chimodzi chenicheni chimene mwaona kapena funso limene lakutsalirani. Aphunzitsi amalandira maimelo ambirimbiri olembedwa ndi ChatGPT, osalala bwino koma osanena kanthu, ndipo anaphunzira kuwazindikira pa mzere woyamba. Umboni wooneka umaposa mawu: pulogalamu yanu pa webusaiti ya GitHub, mpikisano wa deta wa pa webusaiti ya Zindi umene munachita nawo, zimene munaonetsa pa msonkhano wa za AI wa IndabaX Malawi kapena ku Deep Learning Indaba, msonkhano umene unayamba mu 2017 ku Johannesburg. Chimodzi chopewa ndi magazini a kafukufuku amene amasindikiza chilichonse m'sabata imodzi bola mwalipira. Pepala lotuluka mmenemo limachotsa ulemu m'malo mowonjezera.

PhD ili ngati kuphunzira umakaniko pa galaja: dzina la galajayo lili ndi ntchito, koma chimene mudzatuluke nacho chimadalira mmisiri amene mukugwira naye sipanala tsiku ndi tsiku. Supavaiza wotchuka amene amaonana ndi ophunzira ake kawiri pa chaka angakuchedwetseni kuposa wachinyamata wa pa yunivesite yosamveka amene amakhala nanu pansi sabata iliyonse.

Zimene chidziwitso sichinena

Ngakhale zonse zitalipiridwa, pali ndalama zimene zimatuluka m'thumba mwanu musanakwere ndege pa Chileka. Ngakhale tinaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulaimale, mayunivesite ambiri amafunabe IELTS kapena TOEFL, mayeso a Chingerezi okwera mtengo amene zotsatira zake zimatha mphamvu pakatha zaka ziwiri. Ena amavomera kalata ya ku yunivesite yanu m'malo mwake, ndiye kufunsa sikulakwa. Pali kutsimikizira masatifiketi, pasipoti, viza. Maiko ena alibe kazembe kuno, moti viza yokha imafuna ulendo wa ku Lusaka, Harare kapena Pretoria. Wopita ku Britain ayenera kuyezetsa TB, kulipira ndalama ya zaumoyo ya mapaundi 776 pa chaka chilichonse cha viza, yonse pakamodzi, ndipo pa mitu ina ya makompyuta ndi masamu amafunikanso chilolezo cha boma la Britain chotchedwa ATAS chimene chimatenga masabata. Zonsezi ndi ndalama zakunja, m'dziko limene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo kulipira ndi khadi ya banki pa intaneti kumavuta. Sikolashipu zina zimabweza ndalamazi, koma kubweza kumabwera mutafika kale. Salale yoyamba nayo imabwera kumapeto kwa mwezi, pamene mwini nyumba akufuna dipoziti tsiku loyamba.

Kenako pali abale. Akamva kuchuluka kwa alawansi amachulukitsa ndi mtengo wa kwacha, n'kuona kuti mwalemera. Sadziwa kuti lendi ya chipinda chimodzi ku Amsterdam kapena London imatha kudya pafupifupi theka. Alawansi inawerengeredwa munthu mmodzi wopanda wodalira, pamene wa kuno amanyamuka ali ndi fizi ya mng'ono wake ndi mankhwala a mayi ake pamutu. Kutenga banja n'kotheka m'maiko ambiri, ndipo ku Britain ophunzira PhD ndi ena mwa ochepa amene anatsala ndi ufulu umenewu lamulo litasintha mu 2024, koma muyenera kuonetsa ndalama zowasamalira.

Amene muli kale pa ntchito, makamaka aphunzitsi a pa MUBAS, MUST kapena UNIMA, muli ndi tchuthi cha maphunziro, ndipo chimabwera ndi bondi yoti mudzabwerere kudzagwira ntchito zaka zingapo. Walira mvula walira matope. Werengani bondiyo pamodzi ndi malamulo a sikolashipu, chifukwa nthawi zina ziwirizi zimakangana, makamaka mukapeza mwayi wopitiriza kafukufuku kunja mukamaliza. Pa masamu ndi makompyuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatira PhD n'zimene munthu amakhwimira, ndipo wobwerera msanga kudzapeza kalasi ya ophunzira mazana, labu yopanda makompyuta amphamvu ndi ntchito za mu ofesi amatha kuzilala osalembanso pepala lililonse. Ndi chifukwa chake ine ndimaona kuti kwa munthu wa banja ndi ntchito, PhD yogawa nthawi pakati pa kuno ndi kunja imaposa yokakhaliratu kunja zaka zinayi. Imachedwa, ndipo kukhala ndi masupavaiza awiri m'maiko awiri kuli ndi mikangano yake, koma munthu amamanga gulu lake kuno uku akuphunzira, ndipo ubale ndi labu yakunja umapitirira akamaliza. Wachinyamata wopanda zomumanga, amene akufuna masamu ozama kapena AI yapamwamba, apite kumene kuli akatswiri a nthambiyo.

Za akuba tingonena mwachidule. Sikolashipu yeniyeni sifuna kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lanu lilowe, ndipo chidziwitso chenicheni chimapezekanso pa webusaiti ya yunivesite yomweyo, ndi imelo ya yunivesiteyo.

Pomwe mwalandira kalata yokulandirani, funso loyamba likhale la chaka chomaliza. Sikolashipu zambiri ndi za zaka zitatu, koma kafukufuku wa masamu samvera kalendala: mfundo imene mumayembekeza kuitsimikizira m'miyezi isanu ndi umodzi imatha kukana chaka chathunthu, ndipo misonkhano ikuluikulu ya AI imakana mapepala ambiri kuposa amene imalandira. Ndalama zikatha thesis (buku la kafukufuku wanu) isanathe, mlendo amakhala pa mavuto awiri, a lendi ndi a viza. Pemphani supavaiza akupatseni maimelo a ophunzira ake awiri, wina amene alipo ndi wina amene anamaliza, ndipo muwafunse kuti anatenga zaka zingati, miyezi yowonjezera analipira ndani, ndi kuti pepala lawo loyamba atalipereka kwa supavaizayo linabwerako patapita nthawi yaitali bwanji.